Kapentedwe ka chithunzi cha Yesu m'ngalawa pa namondwe, ndi penti ya mafuta

Ngati mumapenta ndipo munthu wabwera kuti mumupangire chithunzi chija cha Yesu ali m'ngalawa namondwe atauka, kaya ndi abusa akufuna cha mu ofesi ya tchalitchi kaya ndi amayi ena akufuna chopachika pabalaza, nthawi zambiri chimene ali nacho m'mutu ndi cha Rembrandt, wojambula wakale wa ku Holland, dzinalo mwina salidziwa amangokuonetsani pa foni nkumati ichi, ndifuna ngati ichi. Ndalemba izi makamaka kwa anzanga kuno ku Lusaka amene manja anazolowera acrylic kapena penti ya zikwangwani ndipo manje mukufuna kulowa ku mafuta, chifukwa chithunzi ichi chimaphunzitsa zambiri koma chimafunanso munthu wodekha, chothamangira sichituluka.

Tiyambe kuchidziwa kaye. Dzina lake ndi The Storm on the Sea of Galilee, Rembrandt anachipenta mu 1633 atangosamukira kumene ku Amsterdam kuchoka kwawo ku Leiden komwe anabadwira mu 1606, ndiye kuti anali mnyamata wosakwana ndi zaka 30 zomwe. Pa zithunzi zake zonse za penti, cha panyanja ndi chokhachi. Nkhani yake ndi ya pa Marko 4:35-41, ndipo ndikupemphani muwerenge kaye ndimeyo musanagwire burashi, si yaitali. Chenichenicho ndi chachikulu, masentimita 160 kutalika ndi 128 m'lifupi, choimirira osati chogona. Mayi wina wolemera wa ku America, Isabella Stewart Gardner, anachigula mu 1898 ndipo chinakhala mu nyumba yake yosungiramo zithunzi ku Boston mpaka usiku wa pa 18 March 1990, pamene amuna awiri atavala ngati apolisi anagogoda, alonda nkuwatsegulira, akubawo anamanga alondawo nkukhala mkatimo mphindi 81 ndipo anatuluka ndi zinthu 13. Ichi anachita kuchidula ndi mpeni kuchichotsa mu felemu. Mpaka lero sichinapezeke, felemu yopanda kanthu ikadali pakhoma pomwepo, ndipo a museum anaika mphotho ya madola 10 miliyoni kwa amene angathandize kuti zobedwazo zibwerere.

Nkhani ya kubedwayi ikukhudza ntchito yanu mwachindunji. Palibe munthu amene angapite kukaimirira patsogolo pake nkuyerekeza mitundu, tonse tikudalira mafoto amene anajambulidwa 1990 isanafike, ndiye mukasaka pa intaneti mupeza ena obiriwira, ena achikasu kwambiri, ena akuda bii mpaka Yesu osaoneka. Tengani foto ya pa webusaiti ya museum yomweyo kapena yaikulu ya pa Wikimedia Commons, musatenge yotumizirana pa WhatsApp chifukwa imeneyo inafinyidwa kale nkhope zonse zinasungunuka. Pitani nayo pomwe amapulinta mutulutse ziwiri za A3, imodzi ya mitundu ina ya black and white. Ya black and white ija ndiyo idzakuthandizeni kwambiri. Foni isungeni yoonera pafupi nkhope ndi manja basi, popeza sikirini imawala yokha ndipo imakunamizani kuti malo amdima ndi owala.

Ndiye khalani pansi muchiyang'ane bwinobwino, tsiku lathunthu ngati nkotheka. Ngalawa yapendekeka, mutu wake wakwera kumanzere pamwamba pa funde loyera ndipo kumbuyo kwake kwatsikira kumanja mumdima, mlongoti wadutsa mopingasa kugawa chithunzi pawiri. Kumanzere mitambo yang'ambika kuwala kwachikasu nkutsikira pa amuna asanu amene akulimbana ndi thanga ndi zingwe, thangalo lang'ambika, chingwe china chaduka chikuuluka m'mwamba. Kumanja kuli mdima, ndipo kumdimako ndi kumene kuli Yesu, wangodzutsidwa kumene, wina wamugwira paphewa, ena amuunjirira, wina wagwada akupemphera, kumbuyo kwenikweni bambo wina wakakamira chiwongolero. Cha kutsogolo kuno wina wovala zofiira waweramira kunja akusanza. Mukawerenga mupeza anthu 14, ophunzira 12 ndi Yesu ndi wina mmodzi wapadera amene dzanja lina wagwira chingwe lina wagwira chipewa kuti chisauluke, maso ake ali pa inu, ndipo ambiri amati ameneyo ndi Rembrandt mwini wake anadziika m'ngalawamo.

Apa ndiye pagona nkhani yonse ya chithunzi ichi ndipo ndi pomwe makope ambiri amene ndimaona amaphonya. Kuwala kwakukulu Rembrandt anakuika pa anthu amene agwidwa ndi mantha, pa funde ndi pa thanga, Yesu anamusiya kumdima ndi kakuwala kochepa chabe pankhope. Diso limayamba kuthamangira kumanzere kuli chipwirikiti, kenako limatsetsereka ndi ngalawa mpaka limupeze yekha atakhala phee, ndipo kumupeza mochedwako ndiye ulaliki wa chithunzichi. Tsono wopenta ambiri, mwina poopa kasitomala, amamuveka Yesu mkanjo woyera mbee, nkumuikira chinthu chowala chozungulira mutu, nyanja nkuipaka buluu wa m'thambo, mapeto ake chithunzi chimakhala ngati cha pa kalendala, mphamvu yonse yatha. Chonde musatero. Kasitomala akanena kuti Ambuye sakuoneka bwino mufotokozereni zimenezi modekha, ambiri akamva amachikonda kuposa poyamba.

Za kukula kwake nzosavuta, 160 ndi 128 ndi chimodzimodzi 5 kwa 4, ndiye mutha kupanga 100 kwa 80, kapena 75 kwa 60. Ya 50 kwa 40 imathekanso koma mitu ya anthu imachepa mpaka ngati nsawawa moti simungaikemo mantha pankhope, ine kwa woyamba ndimati 100 kwa 80. Musalole kuchigoneka kuti chikwane pamwamba pa sofa, mukadula thambo ndi mlongoti ngalawa imasiya kuoneka kuti ili pangozi.

Felemu yokokerapo nsalu akalipentala a ku Kalingalinga amapanga bwino, kapena mugule mapulanga a paini ku Buseko mupange nokha, koma thabwa likhale louma, laliwisi limapindika pakapita miyezi chithunzi nkuyamba kuchoka kukhoma ngodya imodzi. Muwauze apale m'mphepete mwa mkati kuti papendekeke pang'ono, nsalu izigunda thabwa kunja kokha, apo ayi burashi ikamadutsa pamatuluka mzere wa thabwa pa thambo lanu ndipo sufufutika. Pa 100 kwa 80 aikenso thabwa limodzi lopingasa pakati. Yezani ngodya ndi ngodya mopingasa, miyezo iwiriyo ifanane. Nsalu yake funsani kanvasi ya thonje yolimba m'mashopu a nsalu ku Kamwala, yopanda pulasitiki kumbuyo komanso yosapakidwa mankhwala oletsa madzi ngati ya matenti. Pokoka yambani stepulo imodzi pakati pa mbali iliyonse, uku ndi uko moyang'anizana, kenako muzisendera kumakona pang'onopang'ono, makona mumalize nawo. Mukaigogoda ndi chala izilira ngati ng'oma.

Penti ya mafuta isagunde nsalu yosapakidwa kanthu, mafuta amalowa mu ulusi ndipo pakapita zaka nsalu imafumbwa nkumang'ambika yokha. Ngati mwapeza gesso, penti yoyera yokonzera nsalu musanayambe kupenta, pakani katatu, koyamba kosungunula ndi madzi pang'ono, ulendo uliwonse iume kaye ndiye mupalepo mopepuka ndi sandipepa yosalala. Ndikudziwa ambiri timagwiritsa PVA ya nyumba yosakaniza ndi guluu wa matabwa chifukwa gesso ndi yodula komanso nthawi zina imasowa, pophunzirira zimenezo zilibe vuto, koma pa ntchito imene munthu walipira ndipo ikakhala m'tchalitchi zaka zambiri yesetsani gesso. PVA ya nyumba imamwa mafuta kwambiri, mitundu yakuda imafa nkuoneka mbuu, pamene chithunzi ichi theka lake ndi mdima.

Mitundu simukufunika yambiri ayi. Rembrandt mwini ankadalira kwambiri mitundu ya dothi, yoyera ya mtovu ndi yakuda ya mafupa owotcha. Inu gulani titanium white chubu chachikulu, yellow ochre, burnt sienna, raw umber, burnt umber, ivory black, ultramarine, ndi yofiira imodzi yosawala kwambiri monga Venetian red kapena light red. Basi. Seti zija za machubu ang'onoang'ono 24 zisiyeni, theka lake simudzatsegula ndipo yoyera idzatha thambo musanamalize. Komanso penti ya gloss ya zitseko ya ku hardware ngakhale imatchedwa ya mafuta si imeneyi, imauma msanga, imayenderera ndipo siilola kusakaniza pansalu. Mafuta a linseed osakaniza ndi penti tengani oyengedwa a ojambula, a boiled a ku hardware amada ndi kuchita chikasu. Muonjezere tepentaini wosungunulira penti, maburashi a ubweya wolimba aphwatalala atatu kapena anayi osiyana kukula, ofewa osongoka awiri a nkhope, imodzi yaubweya wautali wowonda ya zingwe, ndi kampeni kosakanizira penti. Paleti galasi lakale la windo limakwana, muike pepala lotuwa pansi pake. Zopukutira, ma T-shirt a thonje a pa salaula palibe chowaposa. Mukasowa kogula zina mwa izi pitani ku Henry Tayali Gallery ku Showgrounds mukacheze ndi ojambula amene amapezeka kumeneko, iwo ndi amene amadziwa kumene katundu wafika mwezi uno.

Musayambe pa nsalu yoyera. Sungunulani burnt umber ndi tepentaini ikhale yamadzimadzi, pakani nsalu yonse kenako pukutani ndi kansalu mpaka patsale mtundu wa bulauni wopepuka, muisiye tsiku limodzi kapena awiri. Pa nsalu yoyera mtundu uliwonse umaoneka wakuda kuposa mmene ulili, ndiye mumangowonjezera yoyera osadziwa, chithunzi chonse nkutuwa.

Ikauma jambulani mabokosi. Pa 100 kwa 80 mabokosi a masentimita 10 akupatsani 10 kutsika ndi 8 m'lifupi, ndiye pa pepala lanu lija mugawenso chithunzi 10 kwa 8, muyeze chithunzi chenichenicho osati pepala lonse ndi m'mphepete mwake moyera. Mizere ya pansalu ikhale ya makala kapena choko, yopepuka. Ena amachita manyazi ndi mabokosi ngati ndi kubera, ayi ndithu, ojambula akale ankachita zomwezo posamutsa chojambula kupita pa khoma kapena pansalu yaikulu. Poyamba musakhudze munthu aliyense. Ikani mizere ikuluikulu yokha, kupendekeka kwa mlongoti, mphepete mwa ngalawa kuchoka kumutu mpaka ku chiwongolero, mtanda wa thanga, msana wa funde lalikulu. Mlongoti ndi umene ufunika kuusamala koposa chifukwa dzanja limafuna kuuwongola lokha osadziwa, ndipo ukangowongoka pang'ono chabe namondwe wachepa. Imirirani patali muyerekeze ndi pepala, mukhozanso kuyang'ana zonse ziwiri pagalasi loonera nkhope, zokhota zimaonekera msanga zikatembenuzidwa. Anthu muwaike pambuyo ngati magulu awiri, la kumlongoti ndi la kwa Yesu, kenako muziwagawa mmodzimmodzi, ndipo muwawerenge akwane 14 popeza ena abisika mumdima ndipo ndi osavuta kuwaiwala. Mukakhutira tsatani mizereyo ndi burashi yowonda ndi raw umber yosungunula, makala otsala mukunthe ndi nsalu.

Tsopano tengani pepala la black and white, la mitundu mulibise kaye. Mupente chithunzi chonse ndi umber, yakuda pang'ono ndi yoyera pang'ono, mopyapyala, cholinga ndi kuika pamene pali mdima ndi pamene pali kuwala basi. Tsinzinani pang'ono poyang'ana pepalalo muona kuti malo owala kwenikweni ndi ochepa, funde, chigawo cha thanga, mtambo wa kumanzere ndi misana ya anthu angapo, kwina konse ndi pakatikati kapena mdima. Pamene pakufunika kuwala mukhoza kungopukuta ndi nsalu yokulunga pachala. Gawo ili ndi limene ndimati mutayirepo nthawi, likakhala bwino munthu ataima pakhomo amva kale mphepo ngakhale mulibe mtundu uliwonse, likakhala lolakwika palibe mtundu umene udzalipulumutse. Ubwino wake umber imauma msanga, masiku awiri mwapitiriza.

Pali lamulo limodzi la penti ya mafuta limene simungalizembe, zoyamba zikhale zopyapyala za mafuta ochepa, zapamwamba ndiye zizinka zichulukira mafuta. Penti iyi siuma ngati acrylic imene madzi amangouluka, iyi mafuta ake amachita kugwirana ndi mpweya pang'onopang'ono nkulimba, ndipo imayambira pamwamba, ngati phala limene lagwira kakhungu koma mkati likadali lamadzi. Mukaika penti yowonda youma msanga pamwamba pa yonenepa imene mkati sinaume, yapansiyo imapitiriza kusuntha ndipo yapamwamba imang'aluka. Ndiye ulendo woyamba tepentaini yekha, wachiwiri tepentaini magawo awiri linseed gawo limodzi, omaliza theka ndi theka, ndipo pang'ono chabe, kungonyowetsa nsonga ya burashi. Dziwaninso kuti mitundu siuma mofanana, ya umber ndi yachangu, ivory black ndi titanium white zimachedwa mpaka sabata kapena kupitirira ngati mwaunjika. Musanapakenso gundani ndi chala pambali, ikamata dikirani.

Mitundu yambani ndi thambo popeza zina zonse zikhala pamwamba pake. Kumanja mdima wake musatenge yakuda yokha ya m'chubu, imaoneka yakufa, sakanizani ultramarine ndi burnt umber mupeza mdima wozama umene mungaukokere ku buluu kapena ku bulauni mmene mwafunira. Posendera kumanzere muzionjeza yoyera ndi ochre pang'onopang'ono, pamene mitambo yang'ambika pali kabuluu kotuwa ndipo pamunsi pake chikasu chofewa. Samalani pokumana chikasu ndi buluu, mukapitirira kusisita pamatuluka girini, ndiye pakati pawo ikani kotuwa kofundira ka yoyera, yakuda ndi sienna pang'ono kakhale mlatho. M'mphepete mwa mitambo sisitani ndi burashi youma yaukhondo, thambo lonse mulimalize tsiku limodzi penti ikadali yaiwisi.

Madzi ndi pamene pamavuta ambiri a ife, nanga si Lusaka kulibe nyanja, madzi aakulu timawaona tikapita ku Siavonga, kupatula amene munakulira kufupi ndi nyanja ya Malawi mukudziwa mmene mwera umasandutsira madzi kukhala otuwa ngati chitsulo. Nyanja ya Galileya payokha si yaikulu, pafupifupi makilomita 21 kutalika ndi 13 m'lifupi, madzi ake opanda mchere, koma ili m'chigwa mamita oposa 200 kutsika poyerekeza ndi nyanja zazikulu ndipo mphepo imagwa kuchoka m'mapiri mwadzidzidzi, nchifukwa chake asodzi ozolowera ngati Petro anachita mantha. Rembrandt sanafikeko, ngalawa yake ndi yofanana ndi za asodzi a kwawo ku Holland ndipo madzi akenso ndi otero, obiriwira motuwa. Mtundu umenewo muupeza posakaniza ivory black ndi yellow ochre, zimatulutsa girini wofatsa, mukaonjeza ultramarine pang'ono ndi yoyera ndiye madzi enieni. Kumunsi ndi kumanja madzi akhale akuda pafupifupi ngati thambo. Burashi iziyenda motsata mmene funde likukwerera, mokhota, osati mogona. Thovu musaliike tsopano, ingoikani kotuwa kowala pamene lidzakhale.

Ngalawa ndi umber ndi sienna, mopyapyala kuti bulauni wapansi uja azionekera, kumbuyo kwake muilole isungunukire mumdima musaizungulize ndi mzere. Thanga si loyera, ndi ochre ndi yoyera ndi umber pang'ono, mbali imene yagundidwa ndi kuwala ndiyo mupake monenepa. Zingwe dikirani thambo liume gwa. Sungunulani penti iziyenda ngati inki, tengani burashi yaubweya wautali ija, dzanja mulitsamiritse pa ndodo yowongoka imene nsonga yake mwaikulunga kansalu nkuigoneka m'mphepete mwa felemu, ndiye kokani mzere kamodzi osabwereza. Zikakhota pukutani ndi kansalu ka tepentaini pang'ono muyambirenso, nchifukwa chake pansi pafunika pakhale pouma. Zokokedwa zikhale zowongoka kuti zioneke kuti zalemedwa, choduka chija chokha ndicho chivine.

Anthu yambani ndi a kumlongoti. Iwowa nkhope zawo sizioneka kwambiri, mantha awo ali m'misana, m'mikono ndi m'miyendo imene yaponda mwamphamvu, ndiye samalani kapindikidwe ka thupi kuposa maso ndi mphuno. Khungu ndi ochre, yofiira pang'ono ndi yoyera, mthunzi wake umber. Mbali yoyang'ana kumanzere ndiyo yowala, kwa aliyense, musasinthe. Wovala zachikasu amene funde likumumenya mbali ina ya thupi lake isowere m'madzi. Mukafika ku gulu la kwa Yesu tsitsani mitundu yonse, chofiira cha wosanza uja muchiphe ndi umber chisakuwe, ndipo musamuchotse ngakhale ena amati ndi zosayenera pa chithunzi chopatulika, iyeyo ndi amene amatikumbutsa kuti m'ngalawamo munali anthu enieni a mimba ndi mantha ngati ife. Wogwira chipewa uja zovala zake ndi zabuluu wofatsa, maso ake alunjike kwa woonera, timadontho tiwiri takuda toikidwa pamalo pake tikwanira.

Nkhope ya Yesu muisiyire tsiku lakelake, m'mawa maso asanatope. Ndi yaing'ono ndipo yaonekera chammbali, mkanjo wake ndi wakuda mwabuluu kupita ku pepo, ultramarine ndi yofiira ndi umber. Chinsinsi chake si kuchulutsa yoyera pankhope koma kudetsa zomuzungulira, mdima wa kumbuyo kwa mutu ukazama nkhope imawala yokha ngakhale mtundu wake uli wapakatikati. Kakuwala kozungulira mutu kakhale kochepa zedi, kopaka ndi burashi pafupifupi youma, koti munthu akaone atayandikira. Mapewa akhale omasuka, dzanja lili phee, thupi lonse losalimbana ndi chilichonse, pamene aliyense womuzungulira wakungika. Mukaona kuti mwaigwiragwira mpaka yachita matope palani ndi kampeni, pukutani, mubwerere mawa, kuunjika penti pa nkhope yaing'ono chonchi kumangoikalambitsa.

Zonse zikauma bwino pamabwera kupaka kopyapyala koonekera mkati kumene azungu amati glaze, kapenti kochepa kwambiri m'mafuta osakaniza aja, kopanda yoyera. Ultramarine ndi umber pa ngodya zonse za kumanja ndi kumunsi kuti mdima ugwirizane, sienna pang'ono pa matabwa a ngalawa, ochre pamene kuwala kwagwera pamadzi. Pakani ndi burashi yofewa, pomwe pachuluka pukutani. Apa ndi pamene chithunzi chimayamba kuzama. Pomalizira penipeni ndiye thovu. Yoyera isakanizeni ndi kadontho ka ochre, ya m'chubu yokha imazizira ngati choko, tengani yambiri osasungunula muike ndi burashi yolimba kapena kampeni pamene funde lamenya ngalawa, ichite kutukuka. Malovu a madzi ouluka gwirani burashi yolimba muikwatule ndi chala timadontho tiwazike, koma phimbani kaye nkhope za anthu ndi pepala. Kuyera kotheratu kukhale pamalo amodzi okhawo, mukakumwaza pa funde lililonse diso lisowa poyambira.

Fumbi la Lusaka ndi mdani wa penti yaiwisi, makamaka August mpaka October mphepo ikamauluza dothi m'makomboni. Mukamaliza tsiku tembenuzirani chithunzi kukhoma chotsamira, mutu wake wokha ugunde khoma, ndipo musasese m'chipindamo mouma, wazani madzi kaye. Musachitsekere m'kabati kapena mumdima wokhawokha, linseed imachita chikasu ikauma mopanda kuwala, komanso musachiyanike padzuwa kapena pafupi ndi mbaula kuti chiume msanga. Nthawi ya mvula ndi m'miyezi yozizira ya June ndi July kuuma kumachedwerako, muziwerengera zimenezo. Pentani masana pafupi ndi windo koma dzuwa lisagunde pansalu, usiku mitundu imanama, ndipo malaiti akapita musayese ndi tochi ya foni. Mawindo azikhala otsegula chifukwa cha tepentaini, ana asamasewere ndi machubu. Nsalu zonyowa ndi linseed musaziunjike m'pulasitiki kapena pakona, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka moto, ziyanikeni panja chotambasula kapena muziviike m'chitini cha madzi.

Vanishi yeniyeni imadikira miyezi 6, pamene mwaunjika penti ngati pa thovu ngakhale kupitirira apo. Kasitomala sangadikire choncho, ndiye chikauma pogwira pakani vanishi yongoyembekezera yotchedwa retouch varnish mopyapyala, imadzutsa malo amdima amene afa ndipo imalola penti kupitiriza kuuma, kenako mugwirizane kuti mudzabwera kudzapaka yomaliza nthawi ikakwana. Ya matabwa ya ku hardware isayandikire, imachita chikasu ndipo sichoka. Pogwirizana za ntchito muuzeni munthu poyera kuti itenga mwezi ndi theka kapena iwiri, ngati akufuna cha pa mwambo wa sabata yamawa ndi bwino mumupangire cha acrylic nkumuuza kuti ndi acrylic. Mtengo muwerengere zipangizo, felemu ndi masiku anu, mutenge ina yoyambira yogulira katundu, ndipo musadziyerekeze ndi zopulinta pa makina zimene amazipaka vanishi nkumati nzamanja, mumuonetse kasitomala agunde thovu ndi chala amve kutukuka kwa penti.

Kukopa chithunzi ichi si mlandu, Rembrandt anamwalira mu 1669 ndipo ntchito zake aliyense ndi womasuka kuzikopa ndi kugulitsa. Chimene simuyenera kuchita ndi kulemba dzina lake ngati wapenta ndi iye. Pa chenichenicho anasaina pa chiwongolero, inu pamenepo musiye popanda kanthu, dzina lanu mulembe laling'ono pakona ya kumunsi ndi mtundu wosawala, ndipo kumbuyo kwa nsalu mulembe ndi pensulo kuti mwatengera Rembrandt, 1633, dzina lanu, chaka ndi tsiku limene mwapaka vanishi kuti wodzachikonza mtsogolo adziwe.

Ponyamula musakulunge pulasitiki yogunda penti, imamatirira ndi kutentha kwa m'galimoto, ikani timatabwa kapena makatoni opinda m'makona kenako katoni yaphwatalala pamwamba isakhudze nkhope ya chithunzi, ndipo cha 100 kwa 80 musalimbane nacho mu minibasi, tengani takisi. Ngati chikupita kutali monga ku Chipata kapena ku Lundazi pa basi ndipo mwaganiza zochichotsa pa felemu, chikhale chouma ndithu, muchipinde pa paipi yonenepa penti ili kunja, ikakhala mkati imafinyika nkusweka. Felemu yakunja ikhale yakuda kapena yabulauni wozama, galasi silifunika. Popachika sankhani khoma losagundidwa ndi dzuwa, losachita chinyontho nthawi ya mvula komanso kutali ndi utsi wa kukhitchini ndi makandulo, ndipo ngati nkotheka windo likhale kumanzere kwa woonera kuti kuwala kwa m'chipinda kuzichokera mbali yomweyo imene kukuchokera m'chithunzi. Pakati pa chithunzi pakhale pa msinkhu wa maso a munthu woimirira, ambiri amapachika pafupi ndi denga ndipo gulu la kwa Yesu limene lili kumunsi kumanja silioneka bwino. Fumbi muzichotsa ndi burashi yofewa youma, nsalu yonyowa ndi sopo ayi.